Galu wa aneba waluma mwana wanga: lamulo likuti chiyani?

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe watilembera motere: "Aneba athu ali ndi galu wamkulu wolusa. Masana amamumanga pa tcheni, madzulo amamumasula, koma geti lawo silitsekeka bwino. Sabata yatha analuma mwana wanga wa zaka 8 pakatumba, akuchokera kogula mafuta ophikira. Chaka chatha galu yemweyu anang'amba chitenje cha mayi wina wogulitsa masamba, ndipo tinakawadandaulira eni ake. Pano akunena kuti mwanayo ndiye anamuputa, ndipo anangopereka ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Ena akundiuza kuti ndingomuthirira tameki. Kodi ndingatani?"

Mayi, pepani ndi zomwe zamuonekera mwanayo. Podandaulira muli napo, ndipo mlandu wanu ndi wolimba ndithu. Mphamvu yake yagona pa chitenje cha mayi wa masamba uja komanso pa ulendo umene munayenda kukadandaula. Tifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi chinthu chimene khoti silingabweze chikalakwika.

Kodi mwanayo analandira katemera wa chiwewe? Ngati kuchipatala anangomutsuka bala, kumubaya jakisoni wa kafumbata n'kumupatsa mankhwala, bwererani lero lomwe mukafunse za chiwewe. Sabata kutha si chifukwa chosiyira, katemerayu amaperekedwabe ngakhale munthu atachedwa. Amabaya kangapo, kuyambira tsiku loyamba, kenako pakatha masiku 3, pakatha masiku 7, ndipo njira zina zimawonjezera jakisoni wina pambuyo pake. Zipatala zambiri zimayamba zakutumizani ku ofesi ya zaziweto kuti akaone ngati galuyo ndi wokayikitsa, ndiye musadabwe akakuuzani kuti mubwere ndi kalata ya kumeneko. Chiwewe chimabisala m'thupi, nthawi zambiri miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zizindikiro zikangoyamba munthu sapulumuka. Kwa ena amene mukuwerenga: galu akangoluma, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 musanachite china chilichonse. Musathirepo mchere, tsabola kapena ubweya wa galuyo wowotcha.

Apa ndi pamene malangizo a tameki aja akugwera. Galu amene waluma munthu amayenera kusungidwa n'kumamuyang'anira kwa masiku 10. Akakhala wamoyo ndi wathanzi masiku amenewa atatha, ndiye kuti pa tsiku limene analuma sanapatsire chiwewe. Mukamupha ndi poizoni n'kukatayidwa kudzala, mwataya yankho limeneli, ndipo mwadziputira milandu iwiri: wopha chiweto cha mwini, umene uli mu Penal Code (buku la malamulo a milandu yaupandu), ndi wochitira nkhanza nyama pansi pa Protection of Animals Act. Wodandaula n'kusanduka wozengedwa. Komanso nyama yothiridwa tameki sisankha wodya. Nkhuku, mphaka wa nyumba ina, ngakhale mwana wokwawa akhoza kuitola. Kumenya galu pa nthawi imene akuluma munthu, pofuna kupulumutsa moyo, lamulo limamvetsa. Kumudikirira usiku patatha sabata ndi kubwezera, ndipo khoti limaona choncho.

Tsopano za lamulo. Pa nkhani zovulazana ngati izi makhoti a ku Malawi amagwiritsa ntchito kwambiri malamulo ochokera ku zigamulo zakale za makhoti a ku England, amene dziko lino linawalandira mu 1902, nthawi ya atsamunda. Malamulowa amagawa nyama pawiri. Pali zakutchire, monga mkango, kambuku ndi nyani, zimene aliyense amadziwa kuti ndi zoopsa: ukaziweta n'kuvulaza munthu, ulipira basi. Ndiye pali zoweta monga galu, ng'ombe ndi mbuzi, zimene lamulo limaziona ngati zofatsa mpaka zitaonetsa khalidwe lina. Pa galu, funso lalikulu limene khoti limafunsa ndi ili: kodi mwini wake ankadziwa kuti galu ameneyu ali ndi khalidwe lofuna kuluma anthu? Maloya amaitchula mfundoyi kuti scienter. Mukangotsimikizira khoti kuti ankadziwa, simufunikanso kuonetsa kuti anali wosasamala. Anene kuti tcheni anagula chatsopano, kuti geti analitsegula ndi mlendo, zonsezo sizimuchotsa pamlandu. Anasankha kusunga galu amene ankadziwa kuti ndi woopsa, ndipo zotsatira zake ndi zake.

Anthu ambiri amamva molakwika kuti galu aliyense amaloledwa kuluma kamodzi kwaulere. Sizili choncho. Pa mlandu wa Worth v Gilling wa mu 1866, galuyo anali asanalumepo munthu, koma ankalumphira aliyense wodutsa mpaka pothera tcheni, akufuna kuluma, ndipo eni ake ankaziona. Khoti linati zimenezo n'zokwanira. Choncho galu wa aneba anu, amene anafika pong'amba chitenje cha munthu wodziyendera, anaonetsa kale khalidwe lake. Ndipo inu munakawauza. Ngakhale mukanakhala kuti munauza mayi a panyumbapo bambo kulibe, kapena wantchito amene amasamala galuyo, makhoti amatha kutenga kuti uthenga unafika kwa mwini. Chimene chimavuta ndi pamene galu ankangogwira nkhuku kapena kulumana ndi agalu anzake, chifukwa kuluma ziweto pakokha sikusonyeza kuti amaluma anthu. Kuuwa chabe nakonso si umboni, galu aliyense amauwa.

Njira yachiwiri ndi ya kusasamala, ndipo loya wanzeru amaziika zonse ziwiri m'chikalata chimodzi cha mlandu. Apa simufunika mbiri ya galu. Mumaonetsa kuti munthu woganiza bwino akanaona kuti kumasula galu wamkulu madzulo, geti lili losatsekeka, m'dera limene ana amatumidwa kugolosale nthawi yomweyo, kudzavulaza wina. Makhoti a ku England anagamulapo motere mu 1972 pa mlandu wa Draper v Hodder, pamene tiagalu tambiri ta mtundu wa Jack Russell tinathawa pakhomo popanda mpanda wabwino n'kukavulaza mwana wa zaka 3 wa nyumba yoyandikana. Tiagaluto tinalibe mbiri yoluma, koma mwini wake anapezeka wolakwa chifukwa monga woweta agalu ankayenera kudziwa zimene agalu amachita akakhala m'gulu. Chigamulo cha chaka chimenecho sichimanga makhoti a kuno, koma oweruza amachimvera ngati chitsanzo.

Nanga zoti mwana anamuputa? Imeneyi ndi nyimbo ya pafupifupi mwini galu aliyense, ndipo udindo wobweretsa umboni wake ndi wawo, osati wanu. Anaona ndani? Anamugenda ndi chiyani, ataima pati? Ngati munthu wamkulu wagenda galu kapena kumukoka mchira, khoti likhoza kuchepetsa chipepeso, mwinanso kuchikana. Koma mwana wa zaka 8 samuyeza ndi muyeso wa wamkulu, amamuyerekeza ndi ana anzake a msinkhu umenewo. Kuthawa galu akamakuthamangitsa si kuputa. Kukuwa ndi mantha si kuputa. Chinanso, mwana wanu analumidwira pamsewu, pamalo pamene aliyense ali ndi ufulu woyenda. Nkhani ikanakhala ina akanakhala kuti analumpha mpanda kukathyola mango, ngakhale kuti pamenepo napo khoti limayang'ana msinkhu wa mwana ndi mmene galuyo amasungidwira. Wakuba wolowa usiku ndiye alibe podandaulira kwenikweni. Koma mlendo wogogoda pageti masana, wowerenga mita ya madzi, wogulitsa malonda amene waitanidwa kuti alowe, onsewa lamulo limawateteza. Chikwangwani chakuti "Chenjerani ndi agalu" sichichotsa udindo pa munthu wolumidwa kunja kwa mpanda, ndipo mwana wosadziwa kuwerenga sichimuthandiza kalikonse. Munthu amene dala wakhwizira galu kuti alume wina, ameneyo wapalamula mlandu wovulaza munthu, chimodzimodzi wogwiritsa ntchito chikwanje.

Wosumiridwa ndi amene amasunga galuyo, osati amene anamugula yekha. Mudzamva zoti "galuyu ndi wa mwana wanga amene ali ku Johannesburg" kapena "anangobwera yekha". Ngati galu amagona pakhomopo, amadya pakhomopo ndipo mwini nyumba amamulola, mwini nyumbayo ndiye akumusunga. Landilodi amene amakhala kwina salowa m'mlandu chifukwa chongokhala mwini nyumba. Komabe m'dziwitseni, chifukwa geti ndi mpanda kawirikawiri ndi zake, ndipo mawu ake kwa wochita lendi amamveka msanga kuposa anu. Galu akakhala wa kampani ya zachitetezo, mumasumira kampaniyo.

Milandu yotere imagwa chifukwa cha umboni, osati chifukwa cha lamulo. Aliyense m'dera amadziwa kuti galu uja ndi wolusa, koma tsiku la khoti palibe amene amafuna kudana ndi neba. Ndiye yambani lero. Mupezeni mayi wa masamba uja, mutenge dzina lake ndi nambala ya foni, mumufunse ngati angavomere kudzafotokoza. Ogulitsa oyendayenda amasintha madera, mukachedwa simudzamupezanso. Kumbukirani amene munapita naye kukadandaula chaka chatha, mwezi wake, ndi amene munamupeza pakhomo. Ngati panali mauthenga a pa WhatsApp, kaya pa gulu la anthu a m'dera lanu, ajambuleni n'kuwasunga pena, foni imatayika. Jambulani bala tsopano, mudzajambulenso likamapola ndiponso litasanduka chipsera, mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke. Jambulani geti lija mutaima pamsewu lisanakonzedwe. Zovala zimene mwana anavala tsikulo musazichape kapena kuzitaya. Buku la kuchipatala likhale ndi tsiku, malo a bala, kuya kwake ndi mawu akuti walumidwa ndi galu. Sungani lisiti lililonse, ndipo za kabaza ndi minibasi zimene zilibe lisiti muzilembe m'kope tsiku ndi tsiku. Ndalama ya thiransipoti imene anakupatsani ija ilembeninso, tsiku lake ndi amene anaona. Payokha sikuvomera mlandu, koma imawavuta kudzakana kuti galu woluma anali wawo.

Kapereke lipoti kupolisi, ngakhale mutakhala kuti simukufuna kuti aneba anu amangidwe. Penal Code ili ndi gawo la zochita mosasamala zimene zingaike moyo wa ena pachiswe, ndipo limatchula mwachindunji munthu amene walephera kuteteza ena ku ngozi yochokera ku nyama imene akusunga. Munthu akafa chifukwa cha kusasamala koopsa kotere, mlandu ukhoza kufika pa wopha munthu mosakonzekera. Apolisi adzakupatsani kalata yoti adokotala alembe lipoti la kuvulala, ndipo lipoti limeneli ndi limene khoti lidzadalire. Dziwani kusiyana kwake: mlandu wa kupolisi ndi wa boma, cholinga chake ndi chilango, ndipo chindapusa chimapita ku boma. Majisitireti ali ndi mphamvu yolamula kuti wolakwa apereke chipepeso kwa wovulala, koma muyenera kumuuza wapolisi woimira boma pamlandu kuti akapemphe, mutamupatsa malisiti. Mlandu wofuna chipepeso ndi wanu, mumautsegula nokha, ndipo umboni wake ndi wopepukirapo: mumangofunika kuonetsa kuti nkhani yanu ndi yomveka kuposa yawo. Milandu iwiriyi ikhoza kuyenda limodzi, ndipo wina ukagwa sizitanthauza kuti unzake wagwanso.

Musanafike kukhoti, alembereni aneba anu kalata. Sifunika Chingerezi kapena loya. Mulembe tsiku ndi malo amene mwana analumidwa, maonekedwe a galu, zimene zinachitika chaka chatha ndi zoti munawauza, ndalama zimene mwawononga mpaka pano, ndi zimene mukufuna: kubweza ndalamazo, chipepeso, kuonetsa khadi la katemera wa galu, ndi kukonza geti. Apatseni masiku 14. Mulembe makope awiri, mupite ndi mboni, asaine pa kope lanu. Akakana kusaina, mboniyo ilembe kuti anakana. Kalata imeneyi imagwira ntchito ina imene ambiri saiganizira: kuyambira tsiku limenelo aneba anu sangadzanenenso pamaso pa khoti lililonse kuti sankadziwa. Choncho ngakhale inu amene galu wa aneba sanakulumeni koma amakuthamangitsani, lembani kalata yotere, mukutetezera amene adzalumidwe mawa.

Ambiri amasankha kukambirana kwa amfumu, kwa block leader kapena ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo sitikuona cholakwika. Anthu amene mumapemphana moto ndi kuyenderana pamaliro, khoti limasiya chilonda chovuta kupola. Koma bwalo la amfumu limayanjanitsa, silingatumize anthu kukalanda katundu wa wokana kulipira. Ndiye zimene mwagwirizana zilembedwe: ndalama zingati, zilipidwa liti, geti likonzedwa pofika tsiku liti, ndipo onse asaine pamaso pa mboni. Chenjerani ndi mawu akuti "nkhani yatha, sitidzadandaulanso" bala lisanapole. Mabala a galu amakonda kuchita mafinya chifukwa mano amalowetsa tizilombo mkati pamene pakhungu pakuoneka kabowo kakang'ono. Ena amatsala ndi chipsera chotukuka, ena mtsempha umakhudzidwa mwana n'kumatsimphina. Mukasainira ndalama yochepa lero, n'kovuta kudzatsegulanso nkhaniyo. Landirani zolipirira chithandizo panopa, mulembe kuti za chipepeso mudzakambirana adokotala akanena kuti mwana wachira.

Pokambirana za galuyo, musavomere yankho lakuti "tizimumanga usana ndi usiku". Galu wokhala pa tcheni chachifupi tsiku lonse, padzuwa, ana akumugenda podutsa, ndiye amalusa kwambiri akamasulidwa, ndipo tcheni chimaduka. Chofunika ndi mpanda wopanda mipata, geti lokhala ndi loko, khola loti azikhalamo geti likamatsegulidwa, ndi katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Katemerayu sasowa: ofesi za zaziweto zimachita makampeni, bungwe losamalira nyama la LSPCA limagwira ntchito imeneyi ku Lilongwe, ndipo ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kuyambira mu 2015. Kuthena galu wamphongo kumachepetsa kuyendayenda, koma sikusintha galu woluma kukhala wofatsa.

Zokambirana zikakanika, mlandu mumautsegula m'dzina la mwana, inu kukhala womuimira popeza iye sanakwane zaka zodzisumira. Khoti la majisitireti ndi lapafupi, lotsika mtengo, ndipo mukhoza kudziyankhulira nokha m'Chichewa. Koma lili ndi malire a ndalama zimene lingagamule, malinga ndi giredi ya majisitireti, ndipo kalaliki wa pakhotipo adzakuuzani malirewo. Kuvulala kukakhala kwakukulu, monga kunkhope, kumaliseche kapena kolumaza chiwalo, pitani ku High Court, imene ili ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kumeneko milandu yambiri imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe, ndipo mgwirizano wokhudza mwana umafunika khoti liuvomereze. Ngati simungakwanitse loya, Legal Aid Bureau ndi ofesi ya boma yothandiza anthu otere. Tengani buku la kuchipatala, lipoti la polisi, zithunzi ndi kalata ija.

Chipepeso chimawerengedwa m'magawo. Pali cha ululu ndi kuzunzika, kuphatikizapo mantha amene amatsalira, monga mwana kulota akukuwa kapena kukana kudutsa njira ija. Pali cha kulephera kuchita zimene ankachita, monga kusewera mpira kapena kuyenda mtunda wopita kusukulu. Pali cha kuwonongeka kwa maonekedwe, chimene chimakula chipsera chikakhala poonekera. Pa magawo amenewa khoti limayerekeza ndi zimene linagamulapo pa kuvulala kofanana, n'kuganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha kuchokera nthawi imeneyo. Ndiye pali ndalama zenizeni zimene munawononga: mankhwala, mayendedwe, lipoti la dokotala, lipoti la polisi. Zimenezi khoti limafuna kuti zitchulidwe imodziimodzi m'chikalata cha mlandu ndi kutsimikiziridwa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaluza ndalama chifukwa anataya malisiti. Wamkulu amene walumidwa n'kulephera kugwira ntchito kapena geni akhozanso kufuna zimene wataya masiku amenewo, ngati ali ndi poonetsera zimene amapeza.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma wa chipepeso umawola. Limitation Act imapereka zaka 3 zokha kuti munthu wovulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina atsegule mlandu, kuwerengera kuyambira tsiku lovulala. Pa ana lamulo limawonjezera nthawi, koma musatsamire pamenepo, mboni zimasamuka ndipo mapepala amatayika. Malonjezo a "tidzakuonani kumapeto kwa mwezi" saimitsa kuwerenga kwa zaka zimenezi.

Chipepeso sichitseka geti, ndiye nkhani ya chitetezo iyendetseni payokha. Kanene ku ofesi ya zaziweto ya boma lanu ndi ku khonsolo ya mzinda. Makhonsolo ali ndi malamulo awo a kasungidwe ka ziweto m'tauni, ndipo a zaziweto, pansi pa Control and Diseases of Animals Act, ali ndi mphamvu pa agalu okayikiridwa chiwewe ndi ongoyendayenda. Dandaulo lolembedwa, losainidwa ndi mabanja angapo, limayenda msanga kuposa la munthu mmodzi wongofika pakhomo la ofesi. Zonsezi zikalephera, loya akhoza kupempha khoti chiletso cholamula aneba anu kuti galuyo asatulukenso kunja kwa mpanda, ndipo kunyozera chiletso ndi kunyoza khoti, kumene munthu amatha kumangidwa nako.

Pomaliza pake muyezenso thumba la amene mukumusumira. Khoti likagamula ndipo iye akakana kulipira, masherifu amatha kukalanda katundu n'kugulitsa, koma zimenezo zimatenga nthawi ndi ndalama zina, ndipo kwa munthu wopanda katundu mumatsala ndi pepala. Ngati aneba anu avomera kulipira pang'onopang'ono, mgwirizanowo utchule ndalama ya mwezi uliwonse, tsiku lake, ndi zoti akaphonya kawiri yotsala yonse ifunika nthawi imodzi. Azilipira kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, kuti pasadzakhale kukangana pa zimene zinaperekedwa pamanja.